Nyamulani Ngati Mwamuna

Kinsley satola chinthu pansi ngati mmene amatolera anthu ena. Bolopeni ikagwa, iye sawerama. Amatalikitsa miyendo pang'ono, n'kupinda mawondo, msana uli chilili ngati waumangirira ku mtengo, n'kutsika mpaka kunyonyomala. Akatola amadzukanso chimodzimodzi. Anzake a mu ofesi yowombolera katundu pachipata cha malire a Mwanza anazolowera. Anazoloweranso kuti pakatha theka la ola foni yake imalira, iye n'kuimirira, kugwira m'chiuno, kuyenda mpaka pakhomo n'kubwerera.

Zaka zisanu ndi chimodzi zokhalira pa kompyuta, kulemba mapepala a mathiraki opita ku Tete ndi ku Beira, zinamudya msana. Chaka chatha unamugwira ali pampando, anzake anachita kumunyamulira pampando pomwepo. Kuchipatala anamuuza mawu ochepa: usamakhalitse pansi, uziika kanthu kokutchinjiriza m'chiuno, ndipo ponyamula chinthu usamawerame, uzipinda mawondo. Iye anawasunga mawuwo ngati malamulo a ku tchalitchi.

Tadala anamukondera kunyonyomala komweko. Tsiku limene anakumana, Tadala anali atabwera kuchokera ku Thambani kudzagulitsa manachesi a amayi ake. Amuna a pamalire amagula ataimirira, kuloza mulu ndi nsapato. Uyu yekha anatsika mpaka maso ake anafanana ndi a Tadala, n'kufunsa kuti, "Otsekemera ndi ati, chemwali?" Tadala anati mumtima, mwamuna waulemu ndi uyu. Patatha mwezi Kinsley anaulula kuti sunali ulemu, unali msana. Anaseka onse awiri. Sabata yotsatira Tadala anakulunga chitenje chake chakale, n'kuchimanga ndi malasitiki mbali zonse, kuti Kinsley aziika kumsana akakhala pampando.

Tsopano ankhoswe anali atakumana. Chinkhoswe anachiika kumapeto kwa Julaye.

* * *

Lachinayi masana Tadala anamuimbira foni Kinsley ku ntchito.

"Amayi akuti mubwere Loweruka," anatero Tadala.

"Kudzatani? Paja ankhoswe anamaliza zokambirana."

"Tikuthyola manachesi. Akuti mkamwini ayambe kuonekera m'munda, asadzaonekere pa mbale."

"Tada, za msana wanga ukuzidziwa."

"Ndikuzidziwa ineyo. Iwo sakuzidziwa."

"Sunawauze?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti ndapeza mwamuna amene anathyoka ndi mpando?"

"Ndiye ndi mmene umandionera?"

"Aa, inunso, musayambe. Mudzangothyolako pang'ono, mudye, muzibwerera. Mukapanda kubwera amalume akuti chinkhoswe achikankhira kutsogolo."

Atadula foni anapeza maso a Doris ali pa iye. Doris amakhala pa tebulo loyang'anizana ndi lake. Ndi iye amene anasanja mabuku akale pansi pa kompyuta ya Kinsley kuti asamazolike khosi, ndipo sanalole kuti munthu aliyense aiwale zimenezo.

"Akuitanani ku ganyu?" anafunsa Doris.

"Ndi apongozi."

"Kumudzi safuna kalaliki, achimwene. Amafuna ng'ombe yapangolo yodziwa kupereka moni." Analoza chitenje chimene chinali kumsana kwa Kinsley. "Chigamba chimenecho ndiye dokotala wanu? Mukakathyoka kumeneko mundiimbire. Ine foni sindizimitsa."

* * *

Loweruka kunacha ndi chisanu cha mu Juni. Kinsley anatsika matola pa Thambani msana utayamba kale kudandaula ndi mabampu. Atafika pakhomo anaona amayi a Tadala, a Fyness, atakhala pakhonde. Anaima chapatali monga achitira mkamwini, n'kunyonyomala, n'kuomba m'manja.

A Fyness anakondwa. "Koma ulemu ndiye ali nawo," anauza mlongo wawo, a Sungani, amalume ake a Tadala. "Ana a pa Boma masiku ano amakupatsa moni dzanja lili m'thumba."

Tadala anayang'ana kumbali.

Kuthyola kunayenda bwino. Kinsley ndi wamtali, ankafikira nthambi zimene ena ankachita kukwerera. Azimayi oyandikana nawo amene anabwera kudzathandiza ankamuyang'ana n'kumatsinana. Dzuwa litafika pamutu, matumba anali atandanda m'mbali mwa munda, ndipo pikapu yoyera inalowa chobwerera kumbuyo, hutala ikulira.

Anali Petro. Ndi iye amene amanyamula manachesi a banjali kupita nawo ku Blantyre chaka ndi chaka. Anamufunsirapo Tadala kawiri, kawiri konse anakanidwa, koma a Fyness sanasiye kumusungira chiwindi cha nkhuku.

"Awa ndiye abwana a pa kompyuta aja?" anatero Petro, akufinya dzanja la Kinsley. "Dzanja lofewa ngati la mwana wakhanda. Tada, umawadzoza chiyani?"

Sanadikire yankho. Anavula malaya, anawerama, n'kukoka thumba limodzi kuliponya paphewa, lina n'kulikolera m'khwapa. Azimayi anaimba nthungululu.

"Alendo, matumba ndi awo," anatero a Sungani.

Kinsley anayang'ana Tadala, kenako thumba. Anayandikira mpaka nsapato zake zinaligunda. Anatalikitsa miyendo, anapinda mawondo, anatsika msana uli chilili, analikumbatira thumbalo pachifuwa, n'kudzuka nalo bwinobwino. Analiika m'pikapu osataya nachesi ngakhale limodzi.

Kenako Petro anati, "Bwana, ngati mwapanikizika, chimbudzi chili kuseri kwa nthochizo."

Chiseko chinaphulika. Mayi wina anachita kukhala pansi.

Kinsley anapita pa thumba lachiwiri, anachitanso chimodzimodzi.

"Kodi thumbalo mukulifunsira mbeta?" anafunsa a Sungani. "Mwaligwadira, mwalikumbatira, chatsala n'chiyani?"

Petro anali atatulutsa foni, akujambula. A Fyness sanalankhule ndi Kinsley, poti mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Anakuwira mwana wawo, mokweza kuti aliyense amve.

"Tadala! Tawafunsa alendowo ngati kwawo amuna amanyamula katundu ngati mzimayi amene akutaya madzi patchire."

Tadala anatunga madzi m'kapu, n'kupita kwa Kinsley ngati akukamupatsa akumwa. Analankhula mano ali pamodzi.

"Mukundichititsa manyazi."

"Tada, ukudziwa chimene chichitike."

"Kamodzi kokha. Nyamulani ngati mwamuna."

Kinsley anamuyang'ana nthawi yaitali. Madziwo sanamwe. Anatembenukira thumba lachitatu, anawongola miyendo, anawerama monga anachitira Petro, anagwira kukamwa kwa thumba n'kukoka ndi mphamvu zake zonse.

Thumba linafika m'mawondo basi. Kinsley anatulutsa mawu amene Tadala anali asanawamvepo, mawu a mbuzi yomangidwa pa njinga. Anagwa chafufumimba, thumba linaphulika, manachesi anagubuduka munda wonse. Anayesa kudzuka, koma msana unali utakokana, unamupinda ngati chikwakwa.

"Mayo! Mayo ine!"

Anthu anaseka mpaka kugwirana. Tadala anaona maso onse akusuntha kuchoka pa Kinsley kubwera pa iye, kufuna kuona ngati alire. Anatseka pakamwa ndi dzanja, ndipo chimene chinatuluka chinali chiseko. Anaseka ndi anthu akwawo.

* * *

"Mpondeni pamsana, uwongoka," anatero a Sungani akuvula nsapato.

"Musandigwire! Chonde musandigwire!"

Apa m'pamene Tadala anadzidzimuka. Anakankha amalume ake, anagwada, n'kumutembenuza Kinsley pang'onopang'ono mpaka anagona chagada. Anamupinda mawondo, anakoka thumba lodzaza n'kusanjikapo miyendo yake. "Pumani motsitsa. Musalimbane nawo, usiya wokha." Anatuma mayi wina kuti akafunditse madzi, abwere ndi nsalu yothowera.

A Fyness anaima pamwamba pawo, manja ali m'chiuno.

"Zimenezi waziphunzira kuti?"

Tadala anapitiriza kukonza miyendo ya Kinsley pa thumba.

"Ndikufunsa iwe. Manja akowo akuyenda ngati a munthu wozolowera. Ndiye kuti unkadziwa?"

"Ndi matenda a pampando, amayi. Amachira."

"Unkadziwa. Unafuna kutilowetsera wodwala pakhomo, ife tizimutungira madzi. Ndiye ulemu uja unali wabodza? Sankatigwadira ife, ankagwadira msana wake?"

Kinsley anamva zonse. Anangotsinzina.

Panalibe galimoto ina yomutengera kuchipatala. Amuna anayi anamukweza m'pikapu ya Petro, n'kumugoneka pamwamba pa matumba.

"Katundu wosachedwa kusweka timaika pamwamba," anatero Petro, akumanga chingwe.

* * *

Pofika Lamulungu vidiyo inali itazungulira mafoni onse a ku Thambani. Lolemba inawoloka malire. Wina anaiikira nyimbo.

A Sungani anabwera Lolemba lomwelo, anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, n'kunena kuti chinkhoswe chiyambe chaima.

"Mpaka liti?" anafunsa Tadala.

"Mpaka tione."

"Tione chiyani?" analowerera a Fyness. "Taona kale. M'mudzi muno mkamwini amawumba njerwa, amafolera denga, amakumba manda. Ine ndikadzafa, manda anga adzakumba ndani? Kompyuta?"

"Sindikukwatiwa kuti ndikupezereni wokumba manda."

"Tamverani pakamwa pakepo. Iweyo sunaseke? Ndinakuona ine. Mano onse anali panja."

Tadala analowa m'nyumba. Anamuimbira Kinsley kasanu, foni inkangoitana. Analemba kuti, *Muli bwanji? Msana ukutani?* Uthengawo unawerengedwa. Yankho silinabwere.

* * *

Lachiwiri anakwera matola kupita ku Boma, atatenga jumbo ya manachesi osankha. Anagogoda pa nyumba ya lendi ya Kinsley. Chitseko anatsekula Doris, atavala chitenje pamwamba pa siketi ya ku ntchito, supuni ili m'manja.

"Oo, anamwino a kumunda," anatero Doris. "Lowani, koma musawaseketse. Kuseka kumawapweteka."

Kinsley anali atagona pamphasa, miyendo ataisanjika pampando. Pansi pa chiuno panali botolo la madzi otentha lokulungidwa m'mpango wa Doris. Ndevu zinali zitamera.

"Ndakutengerani manachesi," anatero Tadala.

"Ndinawaona okwanira," anatero Kinsley.

Tadala anakhala pansi pafupi naye. "Akuti bwanji kuchipatala?"

Anayankha Doris. "Akuti fupa silinasunthe, ndi minofu yakokana. Tizithowa, azimwa mankhwala, koma asamangogona tsiku lonse. Ola lililonse ndimawayendetsa kuzungulira nyumba. Ndinapempha tchuthi."

"Ndimafunsa iwowa."

"Iwowa atopa."

Kinsley anatambasula dzanja, anatenga foni yake. "Vidiyo ija waionera?"

"Sindikufuna kuionera."

"Onera. Mpaka kumapeto."

Tadala anaonera. Anaona Kinsley akunyonyomala, anamva mawu a Petro, anadziona yekha akupita ndi kapu ya madzi. Anaona kugwa. Kenako foni ya Petro inatembenuka, inadutsa azimayi aja, n'kuima pa nkhope imodzi. Inaima pamenepo nthawi yaitali. Petro ankadziwa chimene ankajambula.

"Ndaionera kakhumi," anatero Kinsley. "Petro ndikumumvetsa, akufuna mkazi. Amayi ako ndi amalume sankadziwa kanthu. M'munda monse muja munali munthu mmodzi yekha wodziwa chimene chichitike ndikawerama."

"Ndinaseka, inde. Sindikukana."

"Chifukwa?"

"Ndikanapanda kuseka akanayamba kuseka ine."

Doris anaomba m'manja kamodzi. "Koma chilungamo ndiye ali nacho mtsikanayu."

"Ndinalakwa, a Kinsley. Ndabwera kudzanena zimenezo."

"Chabwino. Ndikufunse chinthu chimodzi. Msana uwu sudzasintha. Ndikadzachira, ndizidzanyamula mmene ndimanyamulira, kaya pa ukwati, kaya pamaliro, amayi ako akuona. Anthu akadzayamba kuseka, iwe udzaima kuti?"

Tadala anatsekula pakamwa. Anaona nkhope ya amayi ake, anamva nthungululu zija. Yankho anali nalo, koma linachedwa, ndipo foni ya Kinsley inalira lisanatuluke.

"Nthawi yoyenda yakwana," anatero Doris. Anagwada, anamutembenuza Kinsley chammbali, anamulowetsa dzanja m'khwapa. "Tsamirani ine. Pang'onopang'ono, bambo."

Ali pakhomo, Doris anatembenuka. "Ndikanaiwala. Katundu wanu ali pa tebulopo. Ndawagulira pilo weniweni wa kusitolo."

Pa tebulo panali jumbo yakuda. Mkati munali chitenje chija, malasitiki ake ali pomwepo.

* * *

Lachitatu masana Tadala akuchokera kumjigo anapeza pikapu yoyera itaima pakhomo. Petro anali pakhonde, akudya mbatata ndi tiyi m'kapu ya alendo. Pafupi ndi nkhokwe panali tambala womangidwa miyendo.

"Amalume ake a Petro abwera Loweruka kudzaonana ndi amalume ako," anatero a Fyness. "Uchape makatani."

"Kudzaonana za chiyani?"

"Usadzipusitse."

Petro anamwetulira. "Ine sindisunga mangawa, Tada. Unandikana kawiri, koma ndinadziwa kuti tsiku lina udzafuna munthu woti akunyamule."

Tadala anatula ndowa, analowa kuchipinda. Foni inali ndi uthenga wochokera ku nambala yachilendo. Panali chithunzi cha zikwama ziwiri zitatsamirana, chakuda ndi chofiira.

*Ndine Doris. Musadzavutikenso ndi matola. Pamalire madalaivala akumanyonyomala akangomva dzina la a Kinsley, ndiye apempha abwana kuti awasamutsire ku ofesi yathu ya ku Dedza. Galimoto ya kampani itinyamula mawa 6 koloko m'mawa. Ine ndikupita nawo, poti chikwama sangathe kunyamula okha. Manachesi anu aja anali otsekemera, zikomo.*

Anawerenga kawiri. Sanalire. Anakoka chikwama pansi pa bedi, anachikuntha fumbi. Anaikamo madiresi atatu, nsapato za ku tchalitchi, chiphaso chake, bulangete, ndi kampoto kamene anagula yekha. Pamwamba anaikapo chitenje cha malasitiki, n'kutseka zipi.

Anachikokera mpaka pakhonde.

"Ulendo wa kuti?" anafunsa a Fyness.

"Ku Boma. Mawa ku Dedza."

"Wakuitana?"

"Sanandiitane. Anandifunsa funso, ndikukamuyankha."

"Popanda chinkhoswe? Ukalowe m'nyumba ya mwamuna ngati mbuzi yosochera, mkazi wina ali momwemo?"

"Chinkhoswe munaimitsa ndinu. Mkazi winayo ndikathana naye ndekha."

A Fyness anaimirira. "Ukatuluka pampanda apo, mitengo ya manachesi imene ndinakugawira ija uiiwale. Ndipo akakakuthamangitsa, usadzagogode pano."

"Ndamva, amayi."

Chikwama chinali cholemera. Petro anadzuka kuti achinyamule, koma Tadala anamuletsa ndi dzanja. Anachiyandikira mpaka zala za kumapazi zinachigunda. Anatalikitsa miyendo, anapinda mawondo, anatsika msana uli chilili, maso ali pa amayi ake. Anachikumbatira pachifuwa, n'kudzuka nacho pang'onopang'ono.

Palibe amene anaseka.

Petro anayang'ana dzuwa, kenako anagwedeza makiyi. "Matola omaliza anyamuka kale, Tada. Wakabaza sangakufikitse ndi chikwama chimenecho. Galimoto yopita ku Boma lero yatsala imodzi."

"Ilizeni. Koma ine ndikhala kumbuyo, pamene munagoneka mwamuna wanga."

Anakweza chikwama m'pikapu, anakwera, n'kukhalapo pamwamba pake, nkhope ataloza kumsewu.

A Fyness anatsika pakhonde, anapita pa zenera la dalaivala, n'kumutsinzinira diso Petro.

"Petro mwanawe, mafuta ali m'galimotomo akufikitsani?"

Petro anamuyang'ana Tadala pa galasi, n'kuliza injini.

"Kaya, amayi," anatero. "Msewu ndi wautali."